Kumanga mfuti ya timivi ta siponji yosindikizidwa pa 3D yoti ipirire dzuwa la ku Chigwa

Mwana wa mlongo wanga anafika pakhomo atanyamula mfuti yake yoseweretsa ngati wanyamula nkhuku ya chitopa. "Amalume, yasiya kukoka." Inagulidwa ku Blantyre pa Khirisimasi, ndipo tsikulo n'kuti Januwale asanafike n'komwe pakati. Nditaitsegula ndinapeza kuti chathyoka ndi kadzino ka pulasitiki kogwira pisitoni, kochepa kuposa njere ya chimanga. Kadzino kameneko simungakagule pa Nchalo, pa Ngabu ngakhale mu Limbe. Ndinamata ndi supaguluu, inawombera kawiri n'kuthyokanso pomwepo.

Apa m'pamene ndinayamba kutsata mfuti zimene okonda masewerawa amajambula okha pa kompyuta, n'kugawa mafayilo ake pa intaneti kuti aliyense asindikize pa pulinta ya 3D, makina oumba zinthu ndi ulusi wa pulasitiki wosungunuka, mzere pamwamba pa mzere. Yanga yoyamba inandichititsa manyazi. Achimwene ena a ku Blantyre anandisindikizira zidutswa zonse bwinobwino, koma kondakitala anakaponya katoniyo pansi pa mpando wakutsogolo, pamwamba pa injini penipeni. Minibasi itsike phiri, iwoloke Shire, idikire anthu pa Dyeratu dzuwa lili paliwombo. Pofika kwathu zidutswa zitatu zinali zitapindika ngati nthochi, palibe chinalowana ndi chinzake.

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a kumaiko ozizira, amene amasewera pa kapinga. Kuno ku Chigwa cha Shire zotisautsa ndi ziwiri, kutentha ndi mchenga, ndipo ndondomeko ili m'munsiyi yatsamira pamenepo.

Sankhani kaye: ya m'sitolo kapena yosindikiza

Wina asakunamizeni kuti yosindikiza ndi yotchipa. Mukaphatikiza pulasitiki, sipuling'i, mapaipi, masikuluwu ndi malipiro a mwini pulinta, yoyamba imadya ndalama kuposa ya m'sitolo. Phindu lake limaoneka tsiku limene china chathyoka. Mumatumiza fayilo ya kachidutswa kamodziko pa WhatsApp, akusindikizirani, mumangirira, masewera apitirira.

Chachiwiri ndi mphamvu, ndipo apa m'pamene makolo ayenera kutchera khutu. Mfuti za Nerf Elite, zopangidwa ndi kampani ya Hasbro, zimaponya kamuvi pa liwiro la mafiti pafupifupi 70 pa sekondi, omwe ndi mamita 21. Pabokosi pake amalemba kuti n'za ana a zaka 8 kupita m'tsogolo. Caliburn, mfuti yosindikiza imene mkulu wina wodziwika ndi dzina loti Captain Slug anatulutsa mu 2017, imafika mafiti 150 mpaka 200 malingana ndi sipuling'i imene mwaika. Kamuvi kamalemera pafupifupi galamu imodzi yokha, inde, koma liwiro likachulukira katatu mphamvu yomenyera imachulukira ka 9. Pamkono kamasiya chizindikiro chofiira. M'diso kakhoza kuvulaza zenizeni.

Ndiye ine ndimagawa motere. Mwana wa kupulayimale mugulireni ya m'sitolo, nkhani yathera pamenepo. Yosindikiza ndi ya achinyamata a zaka 14 kupita m'mwamba ndi akuluakulu, anthu oti mukawauza kuti asavule magalasi amamva.

Ngati mwasankha ya m'sitolo, itembenuzeni muone kumbali. Yokhala ndi masikuluwu imatseguka, mutha kuchotsa mchenga ndi kupaka girisi. Zina za masiku ano zimabwera zomata ndi guluu kapena zokolana ndi timano, ndipo kuzitsegula n'kuziphwanya. Za mabatire zisiyeni. Zimaponya kamuvi ndi timawilo tiwiri tozungulira pa mota, ndipo fumbi la mu Okutobala likalowa mmenemo mota imalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo kenako zii. Onaninso mtundu wa timivi: ta Nerf Mega ndi tonenepa, ta Nerf Ultra tili ndi muyeso wakewake, ndipo tonse tiwiri sitilowa m'mfuti ya Elite.

Zofunika kukhala nazo

Tsitsani kaye mafayilo a mfuti imene mwasankha pa masamba a pa intaneti a Thingiverse kapena Printables, pamodzi ndi pepala la wojambula losonyeza zitsulo zofunika. Kwa woyamba ndimalimbikitsa mfuti ya sipuling'i yokoka ndi dzanja, monga Caliburn kapena mng'ono wake Talon Claw. Anthu ambiri anazimangapo, choncho pamene mwakakamira mupeza kanema wake pa YouTube.

- Sipulu ya kilogalamu imodzi ya PETG, pulasitiki yosindikizira, ulusi wake wa mamilimita 1.75, mtundu wowala: olenji, chikasu kapena wobiriwira ngati msipu.
- Sipuling'i. M'gulu la masewerawa zodziwika ndi K25 ndi K26. K26 ndiye yolimba. Yambani ndi K25 kapena yofewa kuposa pamenepo.
- Silinda, paipi yaikulu mmene mumayenda pisitoni. Kawirikawiri imakhala ya pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate, yosalala m'kati ngati galasi.
- Mpope wa aluminiyamu wotulukira kamuvi, mamilimita 13 m'kati ndi 16 kunja.
- Timphete ta mphira ta O-ring pa muyeso umene wojambula walemba. Gulani towirikiza, tina timaduka pomanga.
- Masikuluwu, manati ndi ndodo za mazinga.
- Girisi wa silikoni.
- Magazini (timabokosi tosungira timivi pa mfuti) ndi timivi togwirizana nawo. Tatitali ndi mamilimita pafupifupi 72, tatifupi ndi theka la pamenepo ndipo ndi timene timawongoka bwino pouluka. Magazini a Talon, a kampani ya Worker, ndi a tatifupi.
- Magalasi otetezera maso, aja amavala owotcherera akamapala chitsulo ndi girayinda. Mmodzi aliyense ake.
- Tupa yaing'ono, sandipepa wosalala, sowo ya zitsulo, sukuludiraiva, ma aleni kiyi, pulayala, mpeni wakuthwa ndi chubu chakale cha njinga.
- Chidebe cha chivindikiro chothina bwino.

Sipuling'i, silinda ndi mpope ndi zimene zimavuta kupeza. Ambiri timaoda zonse pamodzi ngati phukusi limodzi kudzera mwa wachibale wa ku Johannesburg kapena wina wobwera kuchokera kunja. Musayambe kusindikiza zitsulozi zisanafike m'manja mwanu. Chifukwa chake chili pa sitepe yoyamba.

Kusindikiza

1. Yerekezani zitsulo zanu ndi mafayilo. Mfuti zambiri zotchuka zinajambulidwa ku America, kumene amayeza ndi mainchi. Mahadiweya a kuno amagulitsa za mamilimita. Sikuluwu ya 10-32 imaoneka ngati M5, ya 4-40 imaoneka ngati M3, koma mazinga ake ndi osiyana. Mukakakamiza nati ya kuno pa ndodo ya ku America ikhoza kulowa pang'ono kenako n'kudya mazinga. Fufuzani ngati pali mafayilo okonzedwera mamilimita, ndipo zonse zikhale za mbali imodzi.

Chenjezo: paipi ya magetsi ya mamilimita 20 imene ili ponseponse m'mahadiweya siingakhale mpope. M'kati mwake ndi motakasuka kwambiri, mpweya umangodutsa m'mbali mwa kamuvi.

2. Umirirani pa PETG. Mwini pulinta adzakuuzani kuti PLA, pulasitiki ina yosindikizira, ndi yosavuta, imatuluka yokongola ndiponso ndi imene ali nayo kale. Zonsezo n'zoona, koma iye amakhala ku Blantyre kumene m'mawa amavala juzi. PLA imayamba kufewa pa madigiri 55 mpaka 60. PETG imapirira mpaka pafupifupi 80. Kuno mu Okutobala ndi Novembala mpweya wokha umadutsa madigiri 40 pamthunzi, ndiye ganizani za chinthu chosiyidwa pamchenga masana, pa dashibodi ya galimoto kapena pafupi ndi malata. Sichichita kusungunuka ayi, chimangogonja pang'onopang'ono pamene sipuling'i ikukankha. Kambedza kogwira pisitoni kamapindika ndi kagawo kochepa ka milimita, ndipo mfuti imayamba kudziwombera yokha musanakhudze tiriga. Imeneyo ndi ngozi, chifukwa mpope ukhoza kukhala utaloza mnzanu amene wangovula magalasi kuti apukute thukuta.

Ngati ndalama zavuta ndithu, zokongoletsera za kunja zikhale za PLA, koma pisitoni, kambedza, tiriga ndi chidutswa chimene sipuling'i imatsamira zikhale za PETG.

3. Muuzeni wosindikiza manambala awa. Pa pulogalamu ya pa kompyuta ya Cura kapena PrusaSlicer, nozo (kamlomo kotulukira pulasitiki) ya mamilimita 0.4, mizere yokhuthala mamilimita 0.2. Kutentha kwa nozo kukhale pakati pa madigiri 230 ndi 250, kwa bedi (mbale imene chidutswa chimaumbidwirapo) 70 mpaka 85, kutsatira zimene zalembedwa pa sipulu. Makoma, mizere yozungulira kunja kwa chidutswa, akhale anayi kapena asanu. Apa ambiri amalakwitsa poganiza kuti kudzaza m'kati ndiko kumalimbitsa. Mphamvu yambiri ili m'makoma. Chidutswa cha makoma awiri, ngakhale mutachidzaza kwambiri, chimang'aluka pa bowo la sikuluwu. M'kati maperesenti 25 mpaka 40 akwana pa zidutswa zambiri, koma tizidutswa tating'ono tonyamula mphamvu ya sipuling'i tidzazidwe tonse.

Chenjezo: PETG imakakamira kwambiri pa bedi ya galasi mpaka kuchotsa chibenthu. Apake kaye guluu wa ndodo, uja ana amamatira mapepala kusukulu.

4. Musatembenuze zidutswa pa bedi. Chinthu chosindikizidwa chili ngati nzimbe: kuithyola mopingasa n'kovuta, koma imang'ambika mosavuta motsata ulusi wake. Chimodzimodzi apa, pofooka ndi pamene mzere wagundana ndi mzere unzake. Wojambula anagoneka chidutswa chilichonse mmene sipuling'i singachipatule mizere. Wosindikiza wofuna kupanikiza zidutswa zambiri pa bedi imodzi amaziimika chilili, zimatuluka zooneka bwino, n'kuthyoka pa kukoka kwachisanu.

5. Ngati pulinta ili konkuno, sindikizani usiku. Masana chifanizi choziziritsa mutu wa pulinta chimangouzira mpweya wotentha, ulusi umafewa usanafike pa nozo n'kutseka njira. Magetsi nawo akathima chidutswa chili pakati, ngakhale pulinta itapitiriza pamene inalekera pamatsala msoko wofooka. Chidutswa chotero chikakhala chonyamula mphamvu chitayeni. Amene ali ndi batire la sola ndi inveta alumikizeko, poti pulinta yaing'ono siidya magetsi ambiri ngati ayironi.

Nthawi ya dzinja PETG imamwa chinyezi. Mukamva kuthetheka pa nozo, ndipo zidutswa zikutuluka ndi ulusi ngati ukonde wa kangaude, sipuluyo yanyowa. Iumitseni pa madigiri pafupifupi 65 kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo muziisunga m'chidebe chotseka chija.

Za mayendedwe mwamva kale. Katoni ikhale pamiyendo panu kapena pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo ngati mukutumiza, lembanipo ndi zilembo zazikulu kuti isayandikire injini.

Kumanga

Yalani mphasa kapena nsalu m'nyumba, osati pakhonde pamene mphepo ikuuluza fumbi. Masikuluwu ikani m'mbale. Nkhuku zithamangitseni, zimatola manati.

6. Palani chilichonse choyenda. Chotsani ndi mpeni ulusi wotsalira ndi kamlomo kotambalala kamene kamakhala pansi pa chidutswa pamene chinakhudza bedi. Kenako tupa ndi sandipepa pa kambedza, pa tiriga ndi m'njira za chokokera, chogwirira chimene mumakokera pisitoni kumbuyo. Yesani zidutswa ziwiriziwiri musanamange sikuluwu. Choyenera kutsetsereka chitsetsereke ndi chala chimodzi.

Chenjezo: mlomo wa kambedza, pamene kamaluma pisitoni, musaupale mpaka kuzungulira. Chotsani zokhakhala zokha, ngodya ikhale mmene inalili. Mukapitirira muyeso simungabwezerenso, n'kusindikiza kena basi.

7. Dulani ndi kusalaza mapaipi. Ngati silinda ndi mpope sizinabwere zodula kale, kulungani pepala mozungulira paipi kuti likupatseni mzere wowongoka, ndipo dulani mosathamanga. Mukatha palani milomo m'kati ndi kunja mpaka chala chiziyenda osakodwa. Mlomo wakuthwa wa silinda umadula O-ring pa kulowetsa koyamba. Wa mpope umasenda timivi ngati mbatata. Tsukani utuchi wonse wa aluminiyamu ndi madzi a sopo, muumitse.

8. Yesani kamuvi mu mpope. Lowetsani kamuvi katsopano, mpope muuimike chilili. Kasagwe kokha. Tsopano uzirani ndi pakamwa mwamphamvu: kayenera kutuluka. Kakagwa kokha ndiye kuti mpope ndi wotakasuka kapena timivi tanu n'toonda, ndipo mfuti idzalira mokweza kamuvi n'kugwera pamapazi panu. Kakakana kusuntha ngakhale masaya atatupa, kadzaphulika mutu m'kati. Chitani zimenezi ndi timivi tomwe mudzasewerere, chifukwa makampani osiyana amapanga tosiyana pang'ono kunenepa kwake.

9. Konzani pisitoni. Apa ndi pamtima pa mfuti yonse, ndipo amene anakonzapo pampu ya njinga ya kabaza sangavutike. Pisitoni ikakankhidwa ndi sipuling'i imafinya mpweya mu silinda, mpweyawo ulibe kolowera kwina koma kumbuyo kwa kamuvi. Paliponse pamene ukudontha, mphamvu yapita.

Yang'anani kamsewu kokhala O-ring. Pamakhala kachiphuphu pamene pulinta inayambira mzere uliwonse. Kachotseni ndi sandipepa wopinda. Valikani O-ring osaipotokola, pakani girisi wa silikoni pang'ono chabe, wongokwana kunyezimiritsa mphira, ndi wina pang'ono m'kati mwa silinda. Pamphumi pa pisitoni matanipo kachigamba kozungulira kodula ku chubu cha njinga, ngati wojambula sanaikepo kale chotetezera, kuti pisitoni isamamenye pulasitiki ndi pulasitiki.

Chenjezo: girisi wa galimoto, oyilo wakuda ndi mafuta odzola musayese. Ena amatupitsa mphira, ena amafooketsa polycarbonate, ndipo onse amaitana mchenga. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo. Ngakhale wa silikoni yemweyo, mukachulutsa amasakanikirana ndi fumbi n'kukhala phala lokanda silinda.

10. Yesani mpweya sipuling'i musanaike. Lumikizani silinda ndi mpope, tsekani mlomo wa mpope ndi chala, kankhani pisitoni ndi dzanja. Iyenera kukana ngati pampu imene mwatseka kamwa, ndipo mukaisiya ibwerere pang'ono. Ikangolowa fwaa mpaka kumapeto, penapake pakudontha. Pakani thovu la sopo pa zolumikizira, kankhaninso, muone pamene pakutuluka timabaluni. Kawirikawiri ndi O-ring yodulidwa, kapena makoma a chidutswa cholumikiza mpope amene sanagwirane bwino posindikiza. Musapitirire sitepe iyi isanatheke. Anthu amadumpha apa, mfuti ikafooka amathamangira kugula sipuling'i yolimba, n'kuthyola nayo kambedza, chonsecho vuto linali kamphira kodula.

11. Mangani thupi, tiriga ndi kambedza. Tsatirani zithunzi za wojambula motsatana. Manati a pa ndodo zazitali mangani mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, monga mmene timamangira tayala la galimoto, kuti thupi lisakhote. Sikuluwu yolowa m'pulasitiki ikangoti gwa, lekani. Kupotoza kamodzi kowonjezera ndiko kumang'alula. Sipuling'i yaikulu isanalowe, kokani pisitoni ndi dzanja mpaka mumve kuti kha, kambedza kagwira. Finyani tiriga, iyenera kumasula mosakakamira. Bwerezani ka 20.

12. Ikani sipuling'i mutavala magalasi. Sipuling'i yofinyika ikapulumuka imauluka ngati mwala wa legeni. Nkhope ikhale kumbali, ana atuluke. Ikalowa ndipo chotsekera kumbuyo mwamanga, ikani magazini yokhala ndi kamuvi, lozani khoma, kokani mpaka kumapeto, bwezerani chokokera kutsogolo, wombani.

Chenjezo lalikulu: musawombere mfuti yosindikiza mulibe kamuvi. Za m'sitolo zambiri zili ndi kavavu kochepetsa mpweya kamene kamateteza pisitoni. Izi zilibe. Popanda kamuvi kobweza mpweya, pisitoni imakamenya kutsogolo ndi mphamvu yonse ya sipuling'i. Mukafuna kutsitsa mfuti yokoka kale, tsekani mlomo wa mpope ndi chala mutatsimikiza kuti mulibe kamuvi n'kufinya tiriga, kapena gwirani chokokera kumbuyo, finyani tiriga, n'kuchiperekeza pang'onopang'ono.

Kuyesa ndi kukonzekera masewera

13. Yezani mtunda pa bwalo la mpira. Makina oyezera liwiro ambiri tilibe. Imani pa mzere wa golo m'mawa mphepo isanadzuke, mfuti paphewa, mpope uli chopingasa osakweza, wombani timivi 10, muwerenge masitepe. Ya m'sitolo ya mwana wa mlongo wanga ija, nditaisindikizira kadzino kena, imagwetsa pa masitepe 10 kapena 12. Yanga imadutsa 20. Nambala yanu ilembeni. Tsiku limene yatsika mudzadziwa kuti O-ring yatha kapena mchenga walowa. Timivi tikamapita kwina ndi kwina ngati ziwala, yambani mwakayikira timivito, kenako kutalika kwa mpope.

14. Dziwitsani anthu musanayambe. Mfuti yanu ikhale yowala, mlomo wake wa olenji, ndipo penti wakuda asayandikire. Chinthu chachitali chakuda m'manja mwa mnyamata madzulo, munthu wochiona patali sangadziwe kuti n'choseweretsa. Pa msewu wa M1 pali malodibuloko, choncho poyenda chotsani magazini, mfuti ilowe m'chikwama, ndipo mukafunsidwa fotokozani musanatulutse. Ife tisanayambe kusewera pa bwalo la kwathu tinapita kwa a nyakwawa ndi mfuti imodzi m'thumba. Anaitembenuza, anafinya kamuvi ndi zala, anaombera mtengo wa nimu kawiri, n'kufunsa ngati singathandize anyani a kumunda. Tinati ayi, gogo, anyani angotola timivi. Anatilola, malinga tisamasewere nthawi ya maliro ndi pamene ana aang'ono akuweruka.

Malamulo athu ndi ochepa. Wopanda magalasi salowa m'bwalo, ngakhale woonerera aime patali. Kuloza kumaso dala n'kutuluka. Mfuti yamphamvu siwombera munthu amene ali pafupi kuposa masitepe asanu, mumangomuuza kuti wafa. Masewera amayamba 4 koloko dzuwa litapepa, ndipo madzi akumwa amabwera ndi aliyense.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

*Kusiya mfuti ili yokoka.* Sipuling'i yofinyika usiku wonse imatopa, ndipo kambedza kamakhala kakulimbana nayo m'nyumba yotentha. Ngakhale PETG imagonja ikapanikizidwa masiku ambiri.

*Kusunga timivi m'magazini.* Timafinyana n'kukhala taphwatalala, ndipo kamuvi kosazungulira bwino kamakodwa polowa mu mpope. Kutentha kumafewetsanso guluu wogwira mitu yake. Titulutseni tonse mukatha, tisungeni m'chitini pamthunzi.

*Kutola kamuvi pamchenga n'kubwezera pomwepo.* Apa m'pamene mchenga umalowera. Kunthani kamuvi kalikonse pa buluku, ndipo tonyowa kapena ta matope tiikeni padera. Kamodzi pa mwezi tulutsani pisitoni, pukutani girisi wakale yense ndi nsalu yoyera, pakani watsopano. Mpope pitsanimo kansalu kokulunga pa kamtengo.

*Kugoneka mfuti pansi padzuwa pa nthawi yopuma.* Mchenga wa masana umawotcha mapazi a munthu, ndiye pulasitiki ingapirire bwanji? Ikolekeni pa nthambi.

*Kuwonjezera zinthu pa kamuvi.* Anyamata ena amafuna kubaya msomali, munga wa msangu kapena kamwala kumutu kuti kazipita patali. Wopezeka atachita zimenezi kwathu amalandidwa mfuti mwezi wathunthu, ndipo makolo ake amauzidwa. Timivi ta mitu yolimba ngati pulasitiki, timene timabwera totchipa m'mapaketi aakulu, nato sitiloledwa. Finyani mutu ndi zala musanagule, uyenera kubonyoka.

*Kubwereketsa yamphamvu kwa ang'onoang'ono.* Amalira, amanyengerera, amati kamodzi kokha amalume. Dzanja lawo silitha kukoka mpaka kambedza kagwire, chokokera chimabwerera n'kuwapana zala.

*Kusindikiza kambedza kamodzi kokha.* Pamene pulinta yayaka kale, sindikizani timbedza titatu, matiriga awiri ndi mutu wina wa pisitoni. Pulasitiki yake ndi yochepa, pamene kutumiza kachidutswa kamodzi kuchokera ku Blantyre kufika ku Bangula kapena ku Nsanje kumadya sabata ndi ndalama ya thiransipoti.

*Kuiwala kuwerenga timivi.* Werengani poyamba, werenganinso pomaliza, ndipo otsala asakidwe kusanade. Mbuzi za kuno zimadya chilichonse, ndipo mwini mbuzi akapeza siponji ya olenji m'kamwa mwa chiweto chake, mlandu wake ukathera kwa a nyakwawa omwe aja.